Toma Zdravković ndi nyimbo za m'kafana: kodi "folk" wa ku Serbia n'chiyani?

M'chaka cha 2021, malo oonetsera mafilimu atangoyamba kutsegulidwanso mliri wa Covid-19 utachepako, ku Serbia kunatuluka filimu imene inadzaza maholo kwa milungu yambirimbiri. Inali yosimba moyo wa Toma Zdravković, woyimba amene pa nthawiyo anali atatha zaka 30 ali m'manda. Anaiyendetsa ndi Dragan Bjelogrlić, ndipo amene anasewera ngati Toma ndi Milan Marić. Nyuzipepala za kumeneko zinalemba za abambo aimvi amene ankatuluka m'holo maso ali psuu. Sikunali ku Serbia kokha. Ku Bosnia, ku Montenegro ngakhalenso ku Croatia, dziko limene linaona nkhondo yoopsa m'zaka za m'ma 1990, anthu anakhamukira kukaonera nkhani ya munthu mmodzi yemweyo.

Munthu amene wamva mbiri imeneyi n'kukafufuza dzinali pa YouTube amasokonezeka. Paliponse akumutcha woyimba wa "folk", mawu amene ambiri timawamva ngati nyimbo zamakolo, zija zopanda mwini zimene mwana amaphunzira kwa agogo ake. Koma amene akuoneka pa kanemayo ndi bambo wovala suti, wa nkhope yotopa, kumbuyo kwake kukulira akodiyoni ndi mavayolini, iye akudandaula za mkazi amene anamusiya. Palibe zovala zamakolo, palibe gule. Nanga zamakolozo zili pati? Kuti timvetse tiyenera kuyang'ana zinthu ziwiri: kusamuka kwa anthu miyandamiyanda kuchoka kumidzi kupita m'matauni, ndi nyumba ina yake yotchedwa kafana.

## Dziko limene anabadwiramo kulibenso

Toma anabadwa pa 20 Novembala 1938 m'tauni ya Aleksinac, ndipo anakulira m'mudzi wa Pečenjevce pafupi ndi mzinda wa Leskovac, kummwera kwa Serbia. Kwawo kunali kosauka, ana ambiri, ndipo ubwana wake unagwera m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa nthawiyo Serbia inali gawo la dziko lalikulu lotchedwa Yugoslavia. Nkhondo itatha, dzikolo linagwa m'manja mwa chipani cha chikomyunizimu chotsogozedwa ndi Josip Broz Tito, ndipo linagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi: Serbia, Croatia, Bosnia ndi Herzegovina, Slovenia, Macedonia ndi Montenegro. Anthu a ku Serbia, Croatia, Bosnia ndi Montenegro amamvana chilankhulo popanda womasulira, choncho woyimba wa ku Leskovac ankatha kukhala ndi omutsatira kuyambira kumalire a Austria mpaka kumalire a Greece.

Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti dera la kwawo kwa Toma linakhala pansi pa ufumu wa Ottoman, wa anthu a ku Turkey, kwa zaka mazana angapo mpaka cha m'ma 1878. Ulamuliro umenewo unasiya zambiri: khofi, zakudya, mawu ochuluka m'chilankhulo, ndi kayimbidwe kopotoza mawu kamene khutu la munthu wa ku Germany kapena ku France limakamva ngati ka Kum'mawa. Mkangano wonse wokhudza nyimbozi, kuyambira kale mpaka lero, umabwerera pamenepa, chifukwa pali anthu amene amaona kayimbidwe kameneka ngati chuma cha dziko lawo, pamene ena amakaona ngati chipsera cha ukapolo chimene dziko lofuna kukhala la ku Ulaya liyenera kuchifufuta.

## Nyimbo za anthu zili pawiri

Aserbia amati narodna muzika, kutanthauza nyimbo za anthu wamba, ndipo m'thumba limeneli muli zinthu ziwiri zosiyana.

Choyamba ndi izvorna, nyimbo za kugwero. Izi ndiye zamakolo zenizeni: zoyimba pokolola, paukwati, poweta nkhosa, zotsagana ndi chitoliro cha mtengo chotchedwa frula kapena gule wogwirana manja mozungulira wotchedwa kolo, amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe mu 2017. Boma la Tito linkazikonda nyimbozi. Linakhazikitsa magulu ovina, ndipo wailesi ya Radio Belgrade inali ndi gulu lake la oyimba lotsogozedwa ndi katswiri wa vayolini Vlastimir Pavlović Carevac, munthu wodziwika ndi kukhwimitsa malamulo. Woyimba ankayenera kupambana mayeso asanafike pa maikolofoni, ndipo ankadzudzulidwa ngakhale pa katchulidwe ka liwu limodzi.

Chachiwiri ndi novokomponovana, nyimbo za anthu zopekedwa chatsopano. Zili ndi mwini wake wodziwika, zimajambulidwa mu situdiyo, zimagulitsidwa m'sitolo, koma zimabwereka mamvekedwe ndi zida za kumudzi. Ambiri amawerengera chiyambi chake pa 1964, pamene Lepa Lukić anatulutsa nyimbo ya "Od izvora dva putića" n'kugulitsa mbale za galamafoni zochuluka modabwitsa makampani. Anthu akamati "folk" ku Serbia lero, kwenikweni akunena gulu lachiwirili, ndipo Toma ndi wa m'gulu limeneli.

N'chifukwa chiyani nyimbo zotere zinaphuka nthawi imeneyo? Mu 1948, anthu awiri mwa atatu alionse mu Yugoslavia ankadalira ulimi. Pofika 1981 anali atatsala mmodzi mwa asanu. M'badwo umodzi wokha unachoka kumunda n'kulowa m'mafakitale, m'migodi ndi m'nyumba zosanja. Anthu amenewa kumudzi anali atachokako, koma m'tauni eni ake ankawaona ngati achimidzi osadziwa kukwera basi. Nyimbo za agogo zonena za kukolola tirigu zinali zitasiya kukamba za moyo wawo, pamene za ana a m'tauni, zoyimbidwa ndi magitala amagetsi motsanzira ku Italy ndi ku England, sizinkawalowa mumtima. Anafuna nyimbo zonena za mayi wokalamba amene watsala yekha kumudzi, za bwenzi limene lakwatiwa ndi wina, za malipiro amene atha mwezi usanathe. Oyimba amene anawapatsa nyimbo zoterozo anali anzawo a ulendo womwewo.

## Kafana: sukulu, ntchito ndi msampha

Kafana ndi nyumba yodyeramo ndi kumweramo, ndipo dzinalo linachokera ku mawu a Chiteki onena za nyumba ya khofi. Kuitcha bala chabe n'kuichepetsa. M'mawa anthu amamwamo khofi n'kumawerenga nyuzipepala, masana amadyamo nyama yowotcha, ndipo usiku mumalowa oyimba. M'kafana amalonda amapanganamo mitengo, andale amanong'onezanamo, olemba ndakatulo amakongolamo mowa. Ku Belgrade kuli ina imene yakhalapo kuyambira 1823, ndipo msewu wa Skadarlija ndi wodziwika chifukwa cha nyumba zotere. Chakumwa chachikulu ndi rakija, mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku zipatso, makamaka mapulamu.

Mmene nyimbo zimayendera m'kafana ndi pamene pagona nkhani yonse. Oyimba sakhala pa nsanja kutali ndi anthu usiku wonse. Amayenda tebulo ndi tebulo. Mlendo amaitanitsa nyimbo imene akufuna, gulu limamuzungulira, ndipo woyimba amawerama n'kumuyimbira pafupi ndi khutu. Aserbia ali ndi mawu ake a zimenezi, na uvce, kutanthauza kukhutu. Nyimbo ikamulasa mtima, mlendoyo amafupa. Ndalama amaitsomeka m'mapindo a akodiyoni, amaipana pansi pa nsambo za vayolini, kapena amaimata pachipumi cha woyimba chimene chanyowa ndi thukuta. Kufupa kumeneku, kumene amakutcha bakšiš, kawirikawiri kunkaposa malipiro amene mwini nyumba ankapereka. Munthu akafika pachimake amakweza manja m'mwamba, ena amaswa matambula pansi n'kulipira mosanyinyirika.

Chimene mlendoyo akufunafuna ali nacho dzina: dert, chisoni chozama chimene munthu amachiitana dala kuti achimve mpaka pansi pake. Iye sanabwere kudzaiwala mavuto. Wabwera kudzawakumbuka pakati pa anzake, kumene mwamuna wamkulu amaloledwa kulira popanda womuseka. M'dziko limene amuna ankaleredwa kuti asaonetse kufooka, malo otere anali ofunika kwambiri, ndipo woyimba wabwino anali amene amadziwa kuwerenga nkhope: uyu wasiyidwa ndi mkazi, uyu mwana wake ali kunja, uyu walandira lero ndipo akufuna anthu amuone.

Ntchitoyi inkafuna mutu. Woyimba wa m'kafana ankayenera kusunga pamtima nyimbo mazanamazana, chifukwa sadziwa amene alowe pakhomo. Wa ku Bosnia adzafuna sevdalinka, nyimbo zachikondi zapang'onopang'ono za m'matauni akale a kwawo. Wa ku Vojvodina, kumpoto, adzafuna zotsagana ndi timagitala tating'ono totchedwa tamburica. Wina adzafuna za ku Macedonia, wina za Aromani, mtundu wa anthu wopezeka m'maiko ambiri a ku Ulaya, amene ndiwo anali ambiri mwa akatswiri a zida m'nyumba zimenezi. Magulu ankalembedwa ntchito kwa mwezi kapena miyezi ingapo pa hotela imodzi, kenako n'kunyamula zida kupita tauni ina.

Msampha unali m'ntchito momwemo. Mlendo wokondwa amagulira woyimba chakumwa, ndipo kukana n'kumunyoza. Matebulo akakhala khumi usiku umodzi, matambula ndi khumi, mawa lake chimodzimodzi, chaka chonse, m'chipinda chodzaza utsi wa fodya. Kwa akazi vuto linali lina pamwamba pake: mkazi woyimba m'kafana ankaonedwa ngati wopanda khalidwe, ndipo ambiri ankakanidwa ndi makolo awo chifukwa cha ntchitoyi.

## Kuchokera ku Leskovac

Leskovac unali mzinda wa mafakitale a nsalu, ndipo mnyamata wosauka wa m'midzi yozungulira ankayembekezeka kukathera kumeneko. Toma anapitadi mumzindawo ali wachinyamata, koma mtima wake unali pa kuyimba, ndipo kwa kanthawi anavutika zedi, wopanda ntchito yokhazikika ndi pogona podalirika. Monga mmene nkhaniyi imasimbidwira, cha m'ma 1958 anakumana m'paki ndi mtsikana wina woyimba wochokera ku Doboj, ku Bosnia, dzina lake Zilha Bajraktarević. Mtsikanayo anamumvera chisoni n'kupita naye kumene ankayimba, ndipo kumeneko Toma anapeza mwayi woyamba woima pamaso pa anthu. Zilha ameneyu ndi amene pambuyo pake dziko lonse linadzamudziwa ndi dzina la Silvana Armenulić.

Zaka pafupifupi khumi zotsatira Toma anazithera m'mahotela ndi m'makafana a m'matauni osiyanasiyana, kuphatikizapo Tuzla, mzinda wa migodi ku Bosnia. Kumeneko ndiko kunali sukulu yake. Sanayimbe za anthu wamba zokha. Ankayimbanso nyimbo zofewa za m'tauni, za mtundu wa ku France ndi ku Italy, ndipo zimenezi zinadzamveka m'nyimbo zake moyo wake wonse. Mbiri yeniyeni inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi nyimbo ya "Ciganka", yonena za mkazi wa Chiromani.

Mu 1969 anabweza ngongole ya ku Leskovac. Anapeka nyimbo ya "Šta će mi život", funso la munthu amene akuti moyo ndi wa ntchito yanji popanda wokondedwa wake, ndipo amene anaijambula ndi Silvana. Inakhala nyimbo yaikulu kuposa zonse za mayiyu, ndipo mpaka lero ndi imodzi mwa zimene zimaitanitsidwa kwambiri m'makafana. Silvana anafa pa ngozi ya galimoto pa 10 Okutobala 1976, pa msewu waukulu wa pakati pa Belgrade ndi Niš, pamodzi ndi mng'ono wake amenenso anali woyimba, ndi katswiri wa vayolini Rade Jašarević. Anali ndi zaka 37. Filimu ija inaika chikondi cha awiriwa pakatikati pa nkhani, koma anthu amene ankawadziwa amasiyana mawu: ena amati chinali chibwenzi, ena amati unali ubale wa anthu awiri amene anadyera limodzi umphawi.

## Mbale, wailesi ndi msonkho wa "zinyalala"

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa amene amaganiza kuti maiko onse a chikomyunizimu ankayenda mofanana. Tito anasemphana ndi Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, mu 1948, ndipo Yugoslavia inatenga njira yakeyake. Makampani sanali a munthu mmodzi, koma ankayenera kugulitsa katundu ndi kupeza phindu. Izi zinakhudzanso makampani a mbale za galamafoni monga PGP-RTB ya ku Belgrade, Jugoton ya ku Zagreb ndi Diskos ya ku Aleksandrovac. Akuluakulu a makampaniwa mwina mumtima ankakonda nyimbo zapamwamba za ku Ulaya, koma m'mabuku a ndalama zimene zinkalipira antchito zinali nyimbo zopekedwa chatsopano zija.

Ophunzira ambiri ndi akuluakulu a chipani sanakondwe nazo. Anazitcha šund, mawu ochokera ku Chijeremani otanthauza zinthu zachabechabe. Mu 1971 kunachitika msonkhano waukulu wa zachikhalidwe mumzinda wa Kragujevac, ndipo chaka chotsatira ku Serbia kunabwera lamulo lokweza msonkho pa mabuku, magazini ndi mbale zimene zaweruzidwa kuti ndi šund. Panali makomiti omvetsera chimbale chisanatuluke, ndipo chikagwa m'gulu limenelo chinkagulitsidwa modula. Lamuloli silinaletse nyimbo. Linangoikwezera mtengo, ndipo silinagwere oyimba a anthu wamba okha, chifukwa magulu ena a rock analumidwa nalonso.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Ochirikiza msonkhowo ankati dziko limene langotulutsa anthu ake mu umbuli liyenera kuwakweza, osawagulitsa nyimbo zolembedwa mothamanga zonena za mowa ndi misozi, ndiponso kuti nyimbo zatsopanozi zikupha zamakolo zenizeni. Otsutsa ankati n'zodabwitsa kuti boma lodzitcha la antchito likulipiritsa antchito omwewo chifukwa cha nyimbo zimene amakonda, ndipo kuti kuseri kwa mawu akuti šund kunali kunyoza kwa anthu a m'tauni pa anthu ochokera kumudzi. Chimene chinachitika n'chakuti anthu anapitiriza kugula.

## Kutsatira anthu kunja

Yugoslavia inalola nzika zake kupita kunja kukagwira ntchito, ndipo mu 1968 inasainirana pangano la zimenezi ndi West Germany. Anthu mazana a zikwi anakwera sitima kupita ku Munich, Stuttgart, Frankfurt, Vienna ndi Zürich. Ajeremani ankawatcha gastarbeiter, antchito achilendo. Amene anamvapo nkhani za agogo athu opita ku migodi ya ku Joni pa Wenela azindikira moyo umenewu: mwamuna yekhayekha m'chipinda chodzaza anzake, ndalama kutumiza kumudzi, kubwera pa tchuthi ndi wailesi yatsopano, mtima uli kwawo. Anthu oterewa anali ndi ndalama yamphamvu m'thumba ndi kupukwa kwakukulu mumtima, ndipo anakhala msika wonona kwambiri wa oyimba. Usiku umodzi m'holo ya ku Germany unkatha kubweretsa zimene kwawo woyimba akanazipeza pa nthawi yaitali.

Toma nayenso anatsatira njira imeneyi, ndipo anafika patali kuposa ambiri. M'zaka za m'ma 1970 anakakhala zaka zingapo ku United States ndi ku Canada, akuyimba m'malo osonkhanira anthu a kwawo. Kwawo anayamba kuiwalika. Anabwerera kumapeto kwa zaka zimenezo ali munthu wodwala, wopanda chuma, ndipo anayenera kuyambanso.

## Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake

Zaka zake zazikulu zinali za m'ma 1980. Mu 1982 anachita konsati yakeyake mu Dom sindikata, holo yolemekezeka pakati pa Belgrade, ndipo pambuyo pake anabwereramo kambirimbiri holo ili yodzaza. Kwa munthu amene anayambira pa kuyimbira zidakwa kukhutu, kumeneku kunali kulowa pakhomo lalikulu la nyumba imene kale ankaloweramo kukhitchini. Anaonekanso m'mafilimu ndi m'masewero a pa wailesi yakanema.

Akatswiri ambiri amavomereza kuti mawu ake sanali amphamvu. Oyimba anzake monga Šaban Šaulić ndi Miroslav Ilić ankamuposa pa kukweza ndi kupotoza mawu. Toma ankayimba ngati munthu amene akukuuza nkhani patebulo, mawu okandapala pang'ono, nthawi zina ngati akungolankhula, ndipo ambiri amamuyerekeza ndi woyimba wa ku France Charles Aznavour. Chachiwiri, pamene oyimba ambiri a mtundu wake ankagula nyimbo kwa alembi, iye zambiri ankapeka yekha, mawu ndi mamvekedwe omwe. Zina anazitcha maina a akazi, monga Danka, Branka ndi Ljiljana, ndipo omvera ankadziwa kuti kuseri kwa nyimbo zotere kuli anthu amene anadutsadi m'moyo wake. Anakwatira kanayi.

Kwa ine, apa ndi pamene pali mphamvu yake yeniyeni. Nyimbo zambiri za m'kafana zimaloza chala: mkazi ndiye wosakhulupirika, dziko ndiye loipa. Toma kawirikawiri ankadziloza yekha. Chimbale chake cha 1984 chili ndi mutu wakuti "Dotak'o sam dno života", kutanthauza kuti ndagunda pansi penipeni pa moyo, ndipo palibe amene anaona ngati akukokomeza, chifukwa anthu ankamuona m'makafana a Belgrade mpaka mbandakucha. Zinkadziwika kuti ndalama zimene wapeza usiku umodzi zimatha usiku womwewo: kufupa oyimba anzake, kugulira mowa anthu osawadziwa, kupatsa operekera zakudya, ndi juga. Chilungamo chimenechi ndi chimene chinakopa ngakhale anthu amene ankanyansidwa ndi nyimbo za mtundu wake. Ochita zisudzo, atolankhani ndi olemba mabuku, kuphatikizapo katswiri wa zisudzo Zoran Radmilović, anakhala anzake a patebulo, ndipo munthu wophunzira amene sakanavomera pagulu kuti amamvera "folk" ankanena momasuka kuti amamvera Toma.

Nthawi nayo inamuthandiza. Tito anamwalira mu Meyi 1980, akusiya dziko lili ndi ngongole zakunja za madola pafupifupi 20 biliyoni. M'masitolo munayamba kusowa khofi, sopo wochapira ndi mafuta a galimoto, mitengo inkakwera mwezi ndi mwezi, ndipo andale a zigawo zija anayamba kukokana poyera. Anthu amene analonjezedwa tsogolo lowala anaona likuzima. Woyimba wotopa, wonena za zinthu zimene zinatayika ndipo sizibwereranso, ankamveka ngati akunena za dziko lonse, ngakhale kuti iye ankayimba za chikondi osati za ndale.

Si onse amene amasangalala ndi mmene amakumbukiridwira. Pali amene amati kumutamanda ngati boem, munthu wokhalira lero lokha, n'kukometsera uchidakwa umene unasautsa akazi ake ndi ana ake, ndiponso umene ukupitirira kuwononga mabanja m'derali. Omukonda amayankha kuti iye sanauzepo munthu kuti amutsanzire, ndipo nyimbo zake zomwe ndi umboni wa mtengo umene analipira.

## Matenda ndi imfa

Anadwala khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo analimbana nayo zaka zambiri. Madokotala ankamuletsa mowa ndi kuchezera usiku, koma ankati akapezako bwino n'kubwerera ku moyo wake wakale. Anapitiriza kujambula ndi kuyimba mpaka chakumapeto. Anamwalira pa 30 Seputembala 1991 m'chipatala cha asilikali ku Belgrade ali ndi zaka 52, ndipo anaikidwa m'manda mumzinda womwewo.

Tsikulo lili ndi tanthauzo kwa anthu a kumeneko. Slovenia ndi Croatia zinali zitalengeza ufulu wodzilamulira pa 25 Juni chaka chomwecho, ndipo pamene Toma ankatsirizika, mzinda wa Vukovar ku Croatia unali ukuphulitsidwa ndi mizinga. Patangopita miyezi yochepa nkhondo inafika ku Bosnia, kwawo kwa Silvana, ndi ku Tuzla kumene iye anaphunzirira ntchito. Chifukwa chakuti anafa nkhondo isanakule, sanaimepo pa nsanja ya mbali iliyonse, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Mbosnia, Mkroatia ndi Mserbia amatha kumuyimba patebulo limodzi. Ku Leskovac anamuimikira chipilala mu 2011.

## Nanga turbo-folk?

Chisokonezo chomaliza ndi ichi. Amene amva za nyimbo za ku Serbia kudzera m'nkhani za nkhondo amadziwa mawu akuti turbo-folk, ndipo amaika oyimba onse m'thumba limodzi. Mawuwa anawayambitsa ndi woyimba wa ku Montenegro Rambo Amadeus kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anadzagwira pa mtundu wa nyimbo umene unakula m'zaka za m'ma 1990, Serbia ili pansi pa ulamuliro wa pulezidenti Slobodan Milošević ndi zilango za chuma za United Nations. Mizu yake ndi novokomponovana yomweyo, koma akodiyoni ndi vayolini zinapatsa malo makiyibodi ndi ng'oma za makina, liwiro linakwera, ndipo m'makanema ake munadzaza magalimoto odula, golide ndi zovala zoonetsa thupi, nthawi imene anthu wamba ankaima pa mizere ya buledi. Mawailesi akanema atsopano osakhala a boma, monga TV Pink imene inayamba mu 1994, ndiwo anaufalitsa. Ukwati wa mu 1995 wa woyimba Ceca ndi Željko Ražnatović Arkan, mtsogoleri wa gulu lankhondo amene khoti la ku The Hague linamuimba milandu, unamangiriza nyimbozi ku nthawi yoipayo m'maganizo a anthu ambiri.

Apanso anthu sagwirizana. Ena amati turbo-folk inali chida chogonetsera anthu tulo pamene dziko linkaphwasuka. Ena amati uku n'kunyoza kwakale kuja kwa a m'tauni kutavala malaya atsopano, ndipo amakumbutsa kuti nyimbo zofanana nazo zinaphukanso ku Bulgaria, Romania ndi Albania, kumene kunalibe Milošević. Chosatsutsika n'chakuti Toma ndi wa m'badwo umene unalipo turbo-folk isanabwere, wa zida zoyimba ndi manja ndi nyimbo zapang'onopang'ono, ndipo ambiri amene amadana ndi turbo-folk amamutchula iye akafuna kusonyeza chimene akuti chinatayika.

Ntchito imene anaigwira idakalipo ndipo ikuyenda m'njira zomwe zija. Oyimba atsopano ambiri amatulukira pa mpikisano wa pa wailesi yakanema wotchedwa Zvezde Granda, umene unayamba mu 2004, kumene achinyamata obadwa iye atamwalira amayesedwa ndi nyimbo za m'badwo wake. Ndalama zenizeni zikuchokerabe m'maukwati, m'makafana ndi m'maholo a ku Austria, Germany ndi Switzerland, kumene tsopano kuli ana ndi adzukulu a antchito aja. Šaban Šaulić, amene ambiri ankamutcha mfumu ya nyimbozi, anafa pa ngozi ya galimoto pafupi ndi Bielefeld ku Germany mu Febuluwale 2019, akuchokera kokayimbira anthu a kwawo okhala kumeneko.